Phulusa Pachibwano

Ndevu zinanditulukira chaka chomwe ndinayamba kuthyola tiyi pa esiteti, ndili mtsikana wongotha msinkhu kumene. Sizinali zambiri ayi, timatsitsi tokhakhala pansi pa chibwano basi, koma anzanga a m'munda anali ndi maso akuthwa. Ndikamafika ndi dengu kumsana, ankandigwadira mwachipongwe amvekere, "Mwadzuka bwanji, abambo?" Mtima unkawira, koma ndewu ya m'munda inkachotsetsa ntchito, ndipo makolo anga, amene anachoka wapansi kwa Apwitikizi, analibe kwina kolowera.

Kenaka mnyamata wina woyanika masamba ku fakitale anandifunsira. Ndinamukonda, sindibisa. Iye ndevuzo ankangoziseka. Vuto linali azakhali ake a ku Thekerani, amene anamulera. Anatumiza mawu akuti mkazi wandevu amadya amuna, ndipo adzabwera okha kudzandiona asanalole ankhoswe kukumana. Akakana iwowo, ukwati wathera pomwepo.

Ndinameta ndi chibenthu cha botolo. Sabata isanathe zinamera, zolasa ngati ziputu. Ndinazula ndi zala, nditapaka phulusa kuti zisaterere, misozi ili chuchuchu. Zinameranso! Ndinayenera kudziwiratu, poti ife othyola tiyi timaona tsiku ndi tsiku: ukathyola nsonga, mtengo umangophukiranso.

Mkazi wa kapitawo wathu anandikokera pambali. "Mwanawe, ukungodzivuta. Ukazula, uzipaka utomoni wa nkhadze. Muzu umapsa, sizimeranso mpaka kumanda."

Mpaka kumanda! Mawu amenewo anandikomera ngati uchi. Loweruka, azakhali aja akubwera mawa lake, ndinapita kwa mkazi wa kapitawo uja titaweruka. Mayiwo anawerama kuti athyole nthambi pampanda wa nkhadze, ndipo kansalu komwe ankamanga m'khosi nthawi zonse kanamasuka. Kalanga ine! Pansi pa chibwano chawo panali chipsera chonyezimira, khungu litakokana mpaka m'khosi.

"Mwa inu sizinamerenso?" ndinafunsa.

"Olo limodzi."

"Nanga chipseracho?"

"Nachonso sichichoka," anatero akumanga kansalu kaja.

Ndinathokoza, n'kubwerera kwathu ndili wosapaka. Panjira mantha anasanduka mkwiyo. Ndipse khosi chifukwa cha munthu amene sanandipatseko ndi madzi akumwa omwe? Tsiku limenelo sindinazule n'komwe. Ndinati aone zenizeni.

Azakhali aja anafika titatuluka m'tchalitchi, mayi wamtali wosaseka, mnyamata uja akuwatsata ngati wolakwa. Atakhala pamphasa, amayi anga anawalonjera m'Chilomwe, iwo n'kuyankha m'Chinyanja chouma gwa. Anandikodola. Ndinagwada, iwo n'kundigwira chibwano, kuchitembenuzira kudzuwa monga mmene amachitira ndi mbuzi ya malonda.

"Ndi zimenezitu," anatero. "Kwathu zoterezi sitilandira."

Koma pondiyang'anitsitsa choncho anandiyandikira kwambiri, ndipo dzuwa silikondera. Pachibwano chawo ndinaona timabala tofiira ta kuzula kwa m'mawa womwewo, ndi phulusa litatsalira m'makwinya. Tsitsi limodzi loyera linali litawapulumuka, lili chilili.

Ndinalankhula motsitsa, mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa. "Amayi, phulusa latsalira pachibwanopo. Ndipo limodzi mwalisiya. Ndikuzuleni?"

Mnyamata uja anayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Amayi anga anagwira pakamwa. Azakhaliwo anandiyang'ana nthawi yaitali, ine osaphethira. Kenaka anakweza chibwano.

"Zula msanga, wamwano iwe."

Ndinazula. Anati "Mayo!" kenaka anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. Amuna awo anali moyo, nkhalamba yonenepa bwino, ndipo aliyense pamphasapo ankadziwa zimenezo. Ankhoswe anakumana mwezi womwewo.

Lolemba ndinalowa m'munda khosi lili m'mwamba. Wina atayamba za "abambo" zija ndinamuyankha kuti, "Ndadzuka bwino, mwanangu. Ukwati ndi wanga, udzabwere udzavine." Sanabwerezenso.

Atakalamba, maso atachita khungu, azakhali aja anadzakhala kwathu, ndipo Loweruka lililonse ndinkawazula pakhonde, iwo akundinena kuti dzanja langa ndi lankhanza. Tsiku lomwe anamwalira ndinapempha osambitsa maliro kuti andilole ndilowe ndi phulusa langa. Ndinawazula bwinobwino, osasiyako ndi limodzi lomwe. Ulendo umenewo wokha ndi umene sizinamerenso.