Vaguna, Wobereka Aphungu

Kwathu kuno sitima siyandikira kumtunda. Imaima kunja kwa matanthwe uko, n'kumangozungulirazungulira ngati mlendo woopa agalu, ndipo ndife timaitsatira ndi boti kukatenga anthu ndi katundu. Injini ya botilo ndaigwira ine Iopu kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Pakati pa matanthwe pali kampata kamodzi kolowera, koma madzi akaphwa boti silifika kumchenga. Limaima panjira, ndipo munthu amatsika n'kuyenda m'madzi olekeza m'chiuno, akuponda miyala yakuthwa, mafunde akumukankha kumbuyo. Amphamvu zawo amawoloka okha. Odwala, okalamba, amayi oyembekezera, abusa ndi aphungu ankaberekedwa ndi Vaguna.

Palibe amene anamulemba ntchitoyi. Anangobadwa wamkulu thupi, basi, ndipo kuno ukakhala ndi chinthu chimene anzako alibe, chimasanduka cha mudzi wonse. Wina ali ndi sowo, wina ali ndi wilibala, Vaguna anali ndi msana. Tsiku lina tili anyamata kunabwera abusa atsopano atavala zoyera zokhazokha, akuluakulu n'kuyang'anayang'ana kuti awaolotse ndani, maso onse n'kugwera pa iye. Anawerama, abusa n'kukwera. Kuyambira pamenepo sitima ikangoonekera, ana ankathamangira kwa Vaguna asanabwere n'komwe kwa ine mwini injini, zomwe zinkandiwawa ndithu.

Chilumba chathu chimatumiza aphungu awiri ku Nyumba ya Malamulo ku Funafuti. Zipani kulibe. Chipani chako ndi banja lako, ndipo amene mudzamuvotere mumakhala mukumudziwa kale, popeza ndi yemwe uja munadya naye pa ukwati wa azakhali. Akasankhidwa amapita kukakhala ku Funafuti, ndipo timawaonanso sitima ikawakumbukira. Akamabwera, amayi amawadikira pamchenga ndi nkhata zamaluwa, n'kuwaperekeza ku maneapa, nyumba yathu yamisonkhano, komwe mphasa zayalidwa kale ndipo nkhumba yapsa. Tsono phungu sangakhale pamphasa yaulemu thalauza likudontha madzi. Ichi n'chifukwa chake ankafunika Vaguna.

Phungu woyamba kuberekedwa ndi iye anali a Tauia, bambo wa mimba yawo, okonda kulankhulira munthu m'khutu. Ndinawamva ndekha, chifukwa boti linali lisanatembenuke.

"Mwana wanga, ukuvutika," anatero atamukoleka manja m'khosi. "Limba mtima. Pano tidzamanga doko la simenti, boti lizidzafika mpaka kumtunda. Aka n'komaliza."

"Zikomo, Olemekezeka," anayankha Vaguna, madzi akumumenya pachifuwa.

Madzulo ake anabwera kwathu akumwetulira ngati walonjezedwa mkazi. Anandisonyeza ndi dzanja pomwe dokolo lidzayambire ndi pomwe lidzathere. Ine ndinamuseka, koma kunena zoona nanenso ndinali nditayamba kuliona m'maso.

Atachoka a Tauia kunabwera ena, atachoka enawo kunabweranso ena. Mawu anali omwewo, ngati amasiyirana pamodzi ndi mpando. Ndiye popeza aphungu ndi awiri, Vaguna ankayenda maulendo awiri, ndipo palibe amene ankafuna kuberekedwa kachiwiri. Ankakangana m'boti mwanga momwemo, wina ati ndine wamkulu, wina ati mavoti anga anachuluka, ine ndikulimbana ndi mafunde kuti tisagubuduzike tonse. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kuwauza kuti akwere onse pamodzi, wina kumanja wina kumanzere. Anandiimika pamaso pa akuluakulu ku maneapa chifukwa cha mawu amenewo, ndipo ndinapepesa ndi pakamwa pokha.

Vaguna sankapsa mtima. Ankangoseka, amvekere iye safuna wailesi kuti adziwe za boma.

"Chaka choyamba amabwera wopepuka, mafupa akukubaya," ankatero. "Chachiwiri wayamba kufewa. Ukadzamva mawondo akulira, dziwa kuti amupatsa unduna."

Wogwa pachisankho amawoloka yekha, nsapato m'manja, ngati wina aliyense. A Tauia atagwa anabwerera kumudzi atakalamba, ndipo boti litaima anaimirira n'kutambasula manja mwachizolowezi. Kenaka anakumbukira, n'kuyamba kupinda thalauza. Pamchenga panalibe nkhata ngakhale imodzi. Vaguna anangofika n'kuwerama. Ulendo umenewo mkuluyo sanalankhule kanthu m'khutu mwake.

Zaka zinapita, ndipo tinayamba kukalamba. Anyamata amene akanamulandira anapita kukagwira ntchito m'sitima za kunja, ena ku New Zealand, ndipo obwerako ankabwera ndi misana yosafuna kunyowa. Mkazi wa Vaguna anamwalira, mwana wake wamkazi n'kukwatiwa kutali. Iye anapitiriza kulima pulaka, mbewu yathu yonga koko, m'dzenje lake, kuwedza, ndi kubereka anthu. Koma ndinayamba kuona kuti akatsitsa munthu pamchenga sankaweramuka msanga. Ankaima chowerama, manja pamawondo, ngati akufuna chinthu chimene wataya.

"Iwe, msanawo watha," ndinamuuza tsiku lina. "Auze akuluakulu apeze wina."

"Wina wake uti? Iwe? Ndi timiyendo ta nkhanu ito?"

"Aziwoloka okha. Ali ndi miyendo."

"Nanga odwala?" anatero. Ndinakwiya naye chifukwa ankanena zoona.

Kenaka pa chisankho panaima Semeli, mwana wa Tepola, mlongo wake wa Vaguna. Mwana wa mlongo wako kwathu kuno ndi mwana wako kuposa wako, sumukaniza kanthu. Semeli anali ataphunzira, wagwirako ntchito m'boma, wolankhula mofatsa. Vaguna, munthu amene moyo wake wonse sanakopepo anthu za chisankho, anayenda nyumba ndi nyumba atanyamula nsomba. Ankangoti, "Uyu ndi wanga. Uyu akudziwa." Semeli anapambana, ndipo tsiku lonyamuka, ali pamsana pa amalume ake, ndinamumva akunena kuti, "Amalume, ine si ngati enawo. Aka n'komaliza." Ndinayang'ana kumbali, chifukwa nkhope ya Vaguna inali yowala moti inandimvetsa chisoni.

Ndisamunamizire mwanayo, anayesetsa. Chaka choyamba anati nkhani ili m'komiti. Chachiwiri boma linagwa, aphungu n'kusinthana mbali, iye n'kupezeka kotsutsa. Chachitatu linagwanso, n'kupezeka nduna. Ndiye chisankho china chitayandikira, sitima inabwera ndi simenti. Matumba anadzaza boti langa maulendo ambirimbiri, ndipo mudzi wonse unatsikira kunyanja, amayi akuimba.

Simenti ndi madzi siziyenera kuonana nthawi isanakwane. Madzi anali ataphwa, kapitawo wa sitima akuliza lipenga kuti tifulumire, ndipo amuna amene tinalipo tinali nkhalamba zokhazokha ndi aphunzitsi awiri. Vaguna anatenga thumba loyamba n'kulisenza pamutu. Anasenza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osalola munthu kumuuza kuti apume. Ndikamukalipira ankangoseka.

"Ndisiye, Iopu. Awa ndiye aphungu abwino. Salankhula."

Atatsala pang'ono kumaliza, funde linamupeza ali pakati. Anapotoloka thupi kuti thumba lisanyowe, ndipo ndinamumva akubuula kamodzi kokha. Thumba sanaligwetse. Analifikitsa pamchenga, n'kulitsitsa bwinobwino pamwamba pa anzake, kenaka n'kugona pansi pomwepo. Sanathe kudzuka.

Zitsulo sizinabwere. Amisiri amene anati abwera ndi sitima yotsatira sanabwere, pa yotsatirayonso ayi. Lona amene tinafundika anang'ambika ndi mphepo, mvula inalowa, ndipo simenti yonse inauma m'matumba momwemo. Mapepala atawola panatsala miyala yooneka ngati mitsamiro, yosanjikizana bwino monga anaisanjira mwini wake. Vaguna anagona m'nyumba miyezi yonseyo, akuonda, mwendo wina utachita dzanzi, ndipo aliyense wokamuona ankamufunsa funso limodzi: "Kodi amisiri aja afika?" Tinkati sitima ikubwerayi.

Semeli anabwera kudzakopa anthu. Anachita mwayi, pofika madzi anali atadzaza ndipo ndinamutsitsa pamchenga penipeni. Koma pobwerera sitima sinadikire madzi, ndipo namwino wathu anali atanenetsa kuti Vaguna akwere sitima yomweyo, apite kuchipatala ku Funafuti. Tinamubweretsa kunyanja pa chitseko. Vuto linali loti anthu anayi sangayende mogwirizana pamiyala ija mafunde akuwomba, mmodzi akaterereka onse agwa. Pankafunika msana umodzi. Tinaima pamenepo tikuyang'anana, mudzi wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba maso analibe pogwera.

Semeli anali chapambali, nkhata m'khosi, nsapato zopukuta bwino, nayenso akuyang'anayang'ana. Ndikhulupirira sankadziwa n'komwe kuti akufunafuna womubereka iyeyo. Tepola, mayi ake, ndi amene anamuona.

"Semeli, vula nsapato."

"Amayi, anthu akuona."

"Ndiye ndikufuna aone. Vula. Wandinenepera ndi mavoti a mchimwene wanga, lero thupilo ligwire ntchito."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Semeli anavula nsapato, anavula jekete, n'kuwerama pamaso pa amalume ake. Tinamukweza Vaguna mosamala. Ine ndinathamangira kuboti kukaligwira kuti lisatengeke, choncho ndinawaona akubwera molunjika kwa ine. Mwanayo ankadzandira, miyala ikumucheka mapazi, maso atatuzuka. Atafika pakati, madzi ali m'chiuno, anatsegula pakamwa.

"Amalume, ndikangopambananso, doko lija..."

"Khala chete," anatero Vaguna. "Wapansi salankhula, amasunga mpweya. Wolankhula ndi wapamwamba."

Ndinati eya, lero ndi lero, zonse zimene wakhala akumeza zaka zonsezi azilavulira m'khutu la nduna, ndipo ine ndikhala mboni. Ndinachita kuzimitsa injini kuti ndimve bwino. Koma Vaguna anangokhala chete, chibwano chili paphewa la mphwake, akuyang'ana uku ndi uku ngati mwana. Anafika, tinamugoneka m'boti, Semeli n'kudzigwetsa kutsogolo akupuma mwabefu, magazi akuchucha kumapazi.

Tili pakati pa ulendo wopita kusitima ndinalephera kupirira.

"Iwe ndiwe chitsiru," ndinamunong'oneza. "Mwayi ngati umenewu, osanena kanthu?"

"Ndimafuna," anatero. "Ndinali nditakonza mawu. Koma Iopu, pamwamba paja m'pabwino. Sumva kulemera kulikonse, miyala suimva, kamphepo kokha. Ndinaona mwanayu akuvutika, ndipo ukudziwa chimene chinabwera pakamwa panga? Ndimafuna kumuuza kuti limba mtima, aka n'komaliza."

Ndinaliza injini mwamphamvu kuti asaone nkhope yanga.

Semeli anapambananso, ndipo mavoti ake anachuluka kuposa kale. Anthu anati phungu wobereka amalume ake pamsana sitinamuonepo. Inenso ndinamuvotera, ndisabise, mkazi wanga ndi wa kubanja komweko. Ndikanavotera ndani?

Ku Funafuti anamuthandiza Vaguna, ululu unachepa, ndipo akuti tsopano amayenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Koma adokotala anamuuza kuti msana umenewo sungapirirenso kugwedezeka, kuberekedwa m'mafunde ayi ndithu. Akafuna kubwerera kwawo adikire mpaka boti lizifika pamalo oti munthu n'kutsika ndi miyendo yake. Ndiye akukhala kuseri kwa nyumba ya Semeli, pakhonde, akuonera ndege zikutera. Dzenje lake la pulaka lamera tchire. Manda a mkazi wake amasesa ndi Tepola.

Odwala tsopano timawadikirira madzi kuti adzaze, ndipo sitima ikakana kudikira, amatsala. Aphungu anaphunzira kuvala kabudula m'boti, thalauza amavalira kuseri kwa mtengo.

Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi Vaguna amandiimbira foni. Kuno foni imagwira bwino malo amodzi okha, kunyanja, choncho ndimatsikira komweko n'kukhala pa miyala yake ija, popeza ndi pokhapo pokhalika. Amafunsa za nsomba, amafunsa amene wamwalira, amanyoza miyendo yanga. Ndimadziwa kumene akupita, ndipo ndimayesa kutalikitsa nkhani zina, koma amafikabe.

"Nanga amisiri aja, Iopu?"

Ndimasisita simenti imene ndakhalirayo. Njosalala, yotentha ndi dzuwa, ndipo nkhanu zayamba kukumba pansi pake.

"Akuti sitima ikubwerayi," ndimatero.

"Chabwino," amatero iye. "Ukawaona uwauze kuti simenti ilipo kale. Ndinaisunga pouma."