Dothi la m'Kachitini

Amuna anga anali munthu wa munda. Kutchalitchi ankapita, inde, koma maso ali kumitambo. Ndiye pamene chifuwa chachikulu chinawagoneka m'chipatala ku Mpanshya, ana athu akadali aang'ono, chimene chinkawawawa koposa sichinali chifuwacho ayi. Unali munda wathu wa ku Shikabeta, umene unali chikhalire osalimidwa, mvula ili pafupi.

M'mawa uliwonse ankawabaya jakisoni, munthu ali mafupa okhaokha. Tsiku lina ndinawapeza atamanga katundu, ati akupita kukaunda mizere. Ndinakalipa mpaka odwala anzawo anadzuka kuti aonerere.

"Inu, khasu mukalinyamula ndi chiyani? Kapu ya tiyi yomweyi ikukukanikani."

Nesi wina wachikulire, amene tonse tinkangomuti ba sisita, anatimva. Iye sanakalipe.

"Bambo, mukuthawira dothi? Mankhwala tikukubayaniwa achokera m'dothi momwemo."

Anatifotokozera kuti m'nthaka muli tizamoyo tosaoneka ndi maso. Kumaiko akunja amatiweta m'matanki akuluakulu, kumatidyetsa, n'kumadikira monga ine ndinkadikirira chakumwa changa cha munkoyo kuti chisase, kenako n'kusefa mankhwalawo. Anati ngakhale fungo lija la mvula yoyamba limachokera kwa tomweto ndi abale ake.

Amuna anga anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa.

"Amake ana, mwamva? Akundibaya munda."

Katundu anamasula okha. Kuyambira pamenepo sanakanenso jakisoni, koma anandipatsa ntchito: ndikawatapire dothi la kumunda kwathu. Ndinawauza kuti matendawo afika kumutu. Komabe ndinapalasa njinga mtunda wonse uja, kukwera mapiri ndikung'ung'udza, n'kubwera nalo m'kachitini ka mkaka. Ankalisunga pansi pa bedi. Akabayidwa, ankadonthezamo madzi, n'kutseka maso, kumanunkhiza. Anzawo a m'wodi ankabwereka.

Mvula yeniyeni itagwa anandithamangitsa. "Pitani mukabzale, ine ndikupezani pa kupalira." Ndinakana, iwo anaumirira, ndipo pa nkhani ya munda sindinawapambanepo.

Ndinabzala. Chimanga chinamera bwino chaka chimenecho, koma mwini wake sanachione. Uthenga unandipeza m'munda momwemo. Nditafika kuchipatala, ba sisita anandipatsa bulangeti lawo ndi kachitini kaja. Ndinatsegula. Dothi linali likadali lonyowa.

Mankhwala aja sindiwada. Ambiri a m'wodi ija anachira, ena ndimakumana nawo kumsika ku Rufunsa ali ndi imvi. Amuna anga tinachedwa nawo.

Koma ndimawasowa, ndisaname. Mpaka lero chizimalupsa chikayamba kudontha, adzukulu amathamangira kukaanula zovala, ine ndimatuluka panja n'kungoima. Amati agogo ayamba kuzungulira mutu, alowe angadwale. Ndimawauza kuti andisiye kaye, fungoli silichedwa kutha.