A Chidendene ndi mutu wa mwana wanga

A Chidendene amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya penti, pafupi ndi chitini chawo cha guluu. Dzinalo linabwera chifukwa ukawapatsa moni, iwo amayamba ayang'ana chidendene cha nsapato yako, nkhope pambuyo. Akuti kale ankagwira ntchito ku fakitale ya zikwama. Itatsekedwa, anatsala ndi singano ndi kampando.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo amadwala matenda akugwa. Mankhwala amamwa, kugwako kunachepa, koma sikunathe. Atamusoka pamphumi kachiwiri, adokotala anati ndimupezere chisoti chofewa. Aphunzitsi nawo anati popanda chisoticho akuopa kumulandira m'kalasi.

Ndinagula cha njinga yamoto. Chinali cholemera, mwana ankangolira khosi. Ndinapita nacho kwa a Chidendene, ndili ndi mwanayo, kuti mwina achichepetse.

"Njingayo mwaiimika kuti, mayi?" anandifunsa.

Sindinaseke. Ndinawafotokozera zonse.

Chisoticho anachiika pansi, n'kuitana mwanayo. "Bwera kuno, mdzukulu wanga, ndione pamene padyeka."

Mawuwo anandilasa. Kudyeka amanena nsapato, osati mwana wa munthu. Koma maso anga anali pa manja awo. Anamupapasa mutu ndi chala chachikulu monga amachitira ndi soli ya nsapato. Kunkhongo sanapezeko kanthu. Zipsera zinali pamphumi cha kumanzere ndi pansi pa chibwano.

"Ameneyu amagwa chafufumimba, cha kumanzere," anatero. "Ine chigamba ndimaika podyeka. Kuika paliponse n'kungolemetsa mwana."

Anadula chikopa cha chikwama chakale, mkati n'kuikamo siponji, pamphumi yokhuthala kuposa kwina. Lamba wa pachibwano anamukuta ndi nsalu. Mwana anati chikununkha nsapato ndipo anzake amuseka.

"Akakuseka uwauze kuti mutu wako ndi saizi sikisi," anatero a Chidendene. "Yawoyo palibe anaiyezapo."

Mwana anachivala, ngakhale monyinyirika. Kusukulu anamutchadi Sikisi, ndipo amayankha.

Lachitatu lapitali anagwa pa masitepe a kalasi. Aphunzitsi atandiitana, ndinathamanga nditanyamula nsalu yopukutira magazi monga mwa masiku onse. Ndinamupeza atagonekedwa chammbali, akupuma bwino, ali ndi tulo tija timabwera pambuyo pake. Ndinamuvula chisoti. Pamphumi panali pouma. Chikopa cha chisoticho ndiye chinasupuka, cha kumanzere.

M'mawa mwake ndinachitengera pakhonde paja. A Chidendene anachitembenuza, n'kukanda posupukapo ndi chikhadabo.

"Padyeka," anatero.

Anachiika pamzere, pakati pa nsapato ya mlonda ndi sandasi za mayi wina. Anandiuza kuti ndidikire pang'ono, achita changu kuti mwana asachedwe belu.