Gudumu la A Tcheni

A Tcheni anayamba kukonza njinga pakhonde la sitolo ya zitsulo msewu uja usanaikidwe phula. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Girisi analowerera m'zikhadabo zawo, moti popereka moni ankapereka mkono.

Koma chimene ankanyadira kwenikweni chinali kamagazini kawo, Gudumu. Ankalemba pamanja, n'kukatayipitsa kwa mayi wa fotokope. M'menemo munali kamatidwe ka chubu mvula ikugwa, kawongoledwe ka limu, ndi uphungu kwa anyamata okweza anthu panjinga. Mwana wawo wamkazi, mzime, amene ndi telala, ankatenga makope otsala n'kumadulirapo mapatani a makolala. A Tcheni ankangopukusa mutu.

Kenaka maso anayamba kuchita nkhungu. Nati ikagwa pansi ankaifufuza ndi zala. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: Gudumu kasathere m'katoni. Woyang'anira laibulale anawauza kuti akapeze nambala ya ISSN, imene magazini amadziwika nayo kulikonse, kuti kaikidwe pashelefu pamene ofuna angakapeze.

Anavala jekete yaukwati, mzime akuwagwira pachigongono pamasitepe. Mu ofesi yopereka manambalayo munali fani yolira ngati pedulo yopanda mafuta. Kalaliki wachitsikana anatenga kope la Gudumu limene anabweretsa, n'kuloza mawu aakulu pachikuto: KOPE LOMALIZA.

"Bambo, apa mukutanthauza kuti simudzatulutsanso?"

"Eya, mayi. Kunama sindidziwa. Maso atha."

"Vuto ndi limenelo. Kuno nambala timapereka kwa magazini imene ikupitirira. Inu mwaiika kale m'manda, ndiye mukufuna tiilembetse ubatizo?"

A Tcheni anaseka pang'ono mwaulemu, koma chipewa chinali kuzungulira m'manja mwawo. Anaganiza zonena kuti mawuwo analembedwa molakwitsa. Pakamwa panakana. Anatambasula dzanja kuti atenge kope lawo.

Mzime analitsekereza ndi chikhatho.

"Achemwali, nanga lotsatira likatuluka?"

"Mubweretse chikuto chake. Dzina likhale lomweli, mulembepo wotulutsa ndi nthawi imene kamatuluka."

"Lotsatira alemba ndani?" anafunsa A Tcheni. "Iwe wodula makolala pa thukuta langa?"

"Ndisanadule ndimawerenga, ababa."

"Bodza."

"Buleki ikamalira musaithire mafuta, pukutani limu. Sipoko imodzi ikaduka, anzake amamva ululu. Ndipitirize?"

Kalaliki anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Inu muzinena, ine ndizilemba," anatero mzime. "Mukadzatopa, anyamata anu aja ali ndi pakamwa."

"Zilembo zako ngati nkhuku yapalasa."

"Ndiye bwino tili ndi mayi wa fotokope."

Potsika masitepe A Tcheni sanadikire kugwidwa pachigongono. Anagwira okha phewa la mwana wawo, n'kusiya kachizindikiro kakuda pabulauzi yake yoyera. Asanafike n'komwe pokwerera basi anali atayamba kale.

"Lemba. Kufufuza nati yogwa pansi: usamayende, gwada pomwepo."

"Ndilembe pati, ababa? Tili mumsewu."

"Telala wopanda choko m'thumba?"

Mzime anatulutsa pensulo kutsitsi, n'kutembenuza kope lomaliza lija. Analemba kuseri kwake, ataima pambali pa msewu.