Chikole cha Dionísia

Dionísia anabadwira ku Zobue m'zaka zimene anthu ankabwerera kwawo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Bambo ake anamwalira iye akuyamwa, ndiye analeredwa ndi atsibweni ake, a Baptista, omwe anali ndi kachigayo m'mbali mwa msewu wa ku Tete. Mtsikanayu anali wa mutu, mpaka anapeza malo ku institutu ya za migodi ku Moatize. Ndalama za maphunziro anakongola ku banku ina, a Baptista n'kuika chigayo chawo chikole.

Anamaliza kumapeto kwa 2019. Kampani ina ya malasha inamuuza kuti adzayambe ntchito mvula ikangotha. Mvula inathadi, koma kunabwera korona, kampani ija n'kusiya kulemba anthu. Dionísia anabwerera ku Zobue chimanjamanja, nthawi yoyamba kubweza ngongole itayandikira.

Ku Zobue kunali mantha. Makamiyau onyamula katundu ankadutsabe pa furontera, m'malire ndi Malawi, ndipo anthu ankati matendawa akubwera ndi owayendetsa. Munthu akatsokomola pamsika, anzake ankabalalika. Dionísia ankaopa matendawo, komanso ankati akamva galimoto ikuima pachigayo, ankaganiza kuti a banku abwera kudzazula injini.

Tsiku lina Cândida, mnzake wa ku institutu, anamuimbira foni. Anati banku yalola kuti omaliza kumene maphunziro apume kubweza kwa theka la chaka, bola akasainire sabata yomweyo, limodzi ndi mwini chikole.

Vuto linali lakuti a Baptista anali atayamba kutsokomola, ndipo ankabisa.

"Atsibweni, thupi lanu likutentha. Tisapite," anatero Dionísia.

"Ndi fumbi la ufa ili. Ukufuna ndife ndi njala poopa chifuwa? Tenga mapepala ako."

Onse awiri anakwera shapa, kaminibasi ka ku Moatize, m'mawa, atamanga tinsalu kukamwa. Njira yonse a Baptista ankameza chifuwa, misozi ikulengeza, ndipo Dionísia ankangopemphera chamumtima. Atadutsa Nkondezi, analephera kupirira, chifuwa n'kuphulika. Mayi amene anakhala nawo pafupi anakuwa kuti awatsitse. Woyendetsa anangokweza wailesi, mawindo onse n'kutsegulidwa.

Pakhomo pa banku panali mlonda ndi kachipangizo koyezera kutentha. Atawalozetsa a Baptista pamphumi, anabwerera m'mbuyo.

"Bambo awa salowa."

Dionísia anagwada pasimenti pomwepo, anthu a pamzere akutalikira. Kulira kwake kunatulutsa mayi wina wogwira ntchito m'bankumo, a Lídia. Atamva nkhaniyo, anaika pepala pampando panja, n'kukaima patali.

"Sainani, bambo. Cholemberacho mutenge, musandibwezere. Mukachoka pano mupite kuchipatala."

A Baptista anasaina. Kuchipatala anawagoneka kwaokha, ndipo Dionísia sanaloledwe kuwaona. Anamuuza kuti abwerere kwawo akadzitsekere m'nyumba. Zotsatira zitabwera, zinaonetsa kuti ndi korona.

Mbiri inafika ku Zobue Dionísia asanatsike shapa. Pachigayo panalibe wobwera. Ana ankadutsa tsidya lina la msewu atagwira mphuno. Dionísia ankadzuka n'kudzigwira pakhosi, kumvetsera mpweya wake. Foni ikalira ankachedwa kuyankha, poopa kuti ndi uthenga wa maliro.

A Baptista sanamwalire. Anabwera ataonda, mpweya uli wapafupipafupi, moti sakanathanso kunyamula thumba kapena kuima m'fumbi la chigayo. Dionísia analowa m'malo mwawo. Anaphunzira kupukusa injini, kumanga lamba ndi kusintha sefa, atsibweni ake akumulangiza ali pampando kunja. Woyamba kubwera anali a Safira, mkazi wa mwini sitolo, amene anasiya chimanga pakhomo n'kukadikira pamsewu. Ena anatsatira pang'onopang'ono.

Miyezi yopuma ija itatha, kampani inali isanamuitanebe. Koma chigayo chinali chitayambanso kulira, ndipo ndalama yoyamba kubweza ku banku inachokera m'chigayo momwemo. Dionísia anakaipereka yekha ku Moatize, ufa udakali m'tsitsi.