Ndinachedwetsa uthenga wa azakhali pofuna chimbale chabwino

Inu owerenga, cholakwa chimene ndikuulula pano sindinachichite ndi mtima woipa ayi. Ndinachichita chifukwa cha chikondi chosakanikirana ndi matama, ndipo amene anavutika nacho ndi bambo anga, munthu amene sanandikalipirepo chibadwire changa.

Bambo anabwera ku Zomba ali mnyamata kuchokera ku Mozambiki, ndipo anagwira ntchito yocheka matabwa pamwamba pa phiri mpaka mawondo anawakana. Kwawo anasiya mlongo wawo mmodzi yekha, azakhali anga, amene ine sindinawaonepo ndi maso. Nkhondo ya kumeneko inawasiyanitsa zaka zambiri, ndipo itatha ankangomverana kudzera mwa anthu a geni odutsa pachipata cha Muloza. Mudzi wa azakhali uli kutali kumapiri, kopanda netiweki, ndipo ukatsika lole umayendanso wapansi tsiku lathunthu. Ndi mawondo amenewo, bambo sakanafikako.

Chakumapeto kwa Seputembala, mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Chinamwali, amene ankapikula nyemba ku Milanje, tauni ya ku Mozambiki yoyandikana ndi Muloza, anatibweretsera memore khadi yokulunga m'kapepala. Anati mdzukulu wa azakhali ndiye wamupatsa pamsika, ndipo muli vidiyo ya uthenga wa bambo. Zimene zinali m'uthengamo iye sankazidziwa.

Nthawi imeneyo ndinali sekilitale pa ofesi ina m'tauni, ndipo pabanja pathu ine ndiye ndinali katswiri wa kompyuta. Kunena zoona ukatswiri wanga unali wotayipa makalata basi, koma ndani akanandiuza? Foni yanga inakana kutsegula vidiyoyo. Kompyuta ya kuofesi inaonetsa zithunzi popanda mawu, mpaka nditaikamo pulogalamu ina yoonera mavidiyo. Pamenepo ndinaona gogo wowonda atakhala pamkeka, mphuno ndi chipumi ngati za bambo anga, akulankhula Chilomwe mosapumira. Ine Chilomwe ndinkangodziwa moni ndi mawu awiri otukwanira mbuzi. Ndinangomva dzina la bambo likutchulidwa, mtima wanga n'kusungunuka, ndipo ndinaganiza kuti ndi malonje wamba a anthu osowana.

Nditawauza, bambo anati ndiwaitanire kabaza mawa lake adzaonere kuofesi komweko. Ndinakana. Ndinati bambo anga sangaonere mlongo wawo pakona ya ofesi ya eni ake, abwana akusuzumira, ngati munthu wopempha madzi. Ndinalonjeza kuti ndibena vidiyoyo pachimbale cha DVD kuti aonere pa TV yathu, atakhala pampando wawo, ndi kumaibwereza mmene angafunire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino mayi, inu ndi amene munapita kusukulu."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamaweruka ndinkawapeza atasamba, atavala jekete lawo la kutchalitchi, ali pakhonde ngati munthu woyembekezera mlendo. Funso linali limodzimodzi: "Kodi mlongo wanga wafika pati lero?" Ndikati akadali m'kompyuta, ankaseka n'kunena kuti asilikali a m'kompyutamo ndi ovuta kuposa a pachipata. Nthabwala imeneyi inkandikoma, osadziwa kuti munthu wamkulu akamaseka choncho mumtima mukupsa.

Chimbale choyamba ndinangokoperapo fayilo mmene inalili. Pa kompyuta chinkaonetsa bwinobwino, koma nditachiika mu DVD ya kunyumba, makina anachizunguza kanthawi n'kulemba kuti mulibe chimbale. Bambo anavula jekete mwakachetechete n'kulipachika pamsomali. Zinandipweteka kwambiri moti ndinalumbira kuti sindidzayeseranso chimbale pamaso pawo. Zotsatira zonse ndinkakayesera kwa mnzanga wina ku Masongola.

Chachiwiri chinaima pakati pobena, magetsi atathima. Chachitatu ndinayamba ndakonveta vidiyoyo, kutanthauza kuisintha mtundu kuti DVD ithe kuiwerenga, koma azakhali ankangoyasamula kukamwa popanda mawu. Chachinayi ndicho chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Chinaonetsa zithunzi, mawu n'kumamveka bwino lomwe, kungoti wojambula anaimika foni pojambula, ndiye azakhali anatuluka atagona chammbali, ndipo mawu ankabwera mochedwa milomo itatseka kale. Mnzanga uja anaseka mpaka misozi, nati tingoigoneka TV chammbali nkhani ithe. Ine ndinakwiya. Ndinati azakhali anga si choseketsa, ndipo chimbalecho ndinachiponya m'dirowa ya kuofesi.

Inu owerenga, mvetsetsani pamenepa. Sabata yachiwiri yokha ndinali ndi chimbale cholankhula m'manja mwanga. Maso a bambo anali ndi ng'ala, moti za milomo yochedwa sakanaziona n'komwe. Chimene ankafuna ndi mawu a mlongo wawo, koma ine ndinkafuna kuti anthu adzati mwana wa uje ndi dolo.

Masabata anapita. Ntchito ikachuluka ndinkati ndipanga mawa, ndipo ikachepa ndinkalimbana ndi mapulogalamu amene sindinkawamvetsa. Pafupi ndi msika wa Zomba panali bambo wina wobena nyimbo ndi mafilimu, a Lifa, ndipo ndinkadutsa pakhomo pa shopu yawo tsiku lililonse. Kulowamo ndinkaona ngati kudzitsitsa. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri ndithu.

Ndinagonja sabata yachisanu ndi chimodzi. A Lifa anamvetsera nkhani yanga, napukusa mutu, nati, "Achemwali, kompyuta imadya chilichonse ngati nkhumba, koma DVD imasankha. Bwenzi mutabwera tsiku loyamba lomwe." Anatembenuza chithunzi kuti chiime, anakonveta vidiyoyo kukhala ya DVD yeniyeni, anagwirizanitsa mawu ndi milomo, n'kubena pang'onopang'ono kuti chimbale chisadumphe. Kenako anachiyesa pa makina awo akale a fumbi, osati pa kompyuta. Ntchito yonse sinakwane ola limodzi.

Linali Loweruka masana pamene ndinachiika kunyumba. Azakhali atangooneka, bambo anatsetsereka pampando, mawondo owawa omwewo, nakhala pansi pafupi ndi TV n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu. Ankayankha moni ngati mlongo wawo akuwamva. Anaseka, anagwira galasi la TV ndi chala, ndipo ine kumbuyo ndinkadzimva ngati ndagwira ntchito yaikulu. Kenako kuseka kunatha. Anandiuza kuti ndibweze mbali ina, ndinabweza, anatinso ndibweze. Atamva kachitatu anandifunsa modekha kuti, "Mayi, lero ndi pa chani?"

Azakhali sankapereka malonje chabe. Ankanena kuti akudwala, ndipo mwezi wonse wa Okutobala akhala kwa achibale ena ku Milanje, pafupi ndi chipata, akulandira mankhwala. Mvula isanayambe abwerera kumudzi chifukwa mitsinje ikadzaza njira imatsekeka. Ankapempha mchimwene wawo kuti abwere adzaonane, poti pamenepo minibasi imafika. Tsiku limene tinkaonera chimbalecho, Novembala anali atalowa kale.

M'mawa mwake tinanyamuka, kudzera ku Limbe mpaka ku Muloza. Bambo sanadandaule za mawondo ngakhale kamodzi. Tinaipeza nyumbayo, koma azakhali anali atakwera lole masiku asanu ndi atatu m'mbuyomo. Eni nyumba anatiuza kuti tsiku lililonse ankapempha kuti awakhazike panja poyang'ana kumsewu, ndipo ulendo wawo anauzengereza kawiri. Mvula inagwa sabata yomweyo. Mu Febuluwale uthenga unatipeza kuti azakhali anamwalira.

Pobwerera kuchokera ku Milanje ulendo uja ndinalira m'minibasi anthu akuona, ndipo ndinawaululira bambo za chimbale cha m'dirowa chija. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanapepuka. Iwo anangondigwira dzanja nati mlandu tigawana, chifukwa iwo ndi amene anandilera osandiphunzitsa chilankhulo cha amayi awo, poganiza kuti mwana wa m'tauni sachifuna. Anawonjezera kuti popanda ine sakanaionanso nkhope ya mlongo wawo. Chikondi chotere chimapweteka kuposa ndodo, ndikukuuzani.

Tsono inu owerenga, wina akakupatsani vidiyo kapena mawu ojambulidwa kuti mufikitse kwa mwini wake, dziwani kuti mwanyamula uthenga, ndipo wamthenga sakhala pansi kukongoletsa kalata. Muonetseni mwini wake tsiku lomwelo, kaya pafoni, kaya paofesi, kaya chithunzi chili chammbali. Zokonza zibwere pambuyo. Chimbale chikakana kawiri, pitani kwa odziwa, ndipo muchiyese pa makina amene chikaonetsedwepo. Ngati zolankhulidwazo simukuzimva, musaganize kuti mwadziwa kulemera kwake poona nkhope yokha.

Bambo akadali moyo, ndipo chimbale cha a Lifa chija timaonera limodzi Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi. Amandiuza kuti ndiimitse, n'kundimasulira chiganizo chimodzichimodzi, ine n'kumabwereza, iwo n'kumaseka lilime langa lolemera. Ndaphunzira zambiri, koma pali mawu amodzi amene azakhali anawanena kanayi konse, ndipo bambo ankawalumpha dala pomasulira mpaka nditawaumiriza. Atandiuza anayang'ana kumbali. Tanthauzo lake ndi lakuti "musachedwe".