Mukamapita kunja, tsanzikani mutawoloka kale

Mlongo wanga Esinati wabwerako Lachiwiri ku Mozambique. Ndikulemba izi ndi chisoni cha munthu wophunzira, paja ndinafika chaka chachiwiri ku koleji asanandipemphe mwaulemu kuti ndikapitirizire kunyumba.

Esinati amathyola tiyi ku esiteti. Pa tchuthi chake ankafuna chinthu chimodzi: kukaona nyanja yamchere ku Kelimane, kuviikamo chala, n'kulawa ngati mcherewo ulimodi. Pasipoti anakonza, mankhwala a malungo anagula, ndalama anakasinthiratu pachipata cha malire pa Muloza. Ine ndinamuphunzitsa kunena obrigada, zikomo wa kumeneko, ulere.

Analakwa pamodzi pokha. Anatsanzika kutchalitchi.

Inu akutali simungamvetse. Kuno aliyense ali ndi mbale wake tsidya lija, poti agogo athu anachokera komweko. Ukati ukupita ku Mozambique, anthu samva kuti ukukapuma. Amamva kuti positi ofesi yatsegula.

Oyamba kufika anali azakhali, atasenza ndowa ya nyemba zija za kalongonda wophikaphika.

"Mwanawe, ukawapatse abambo ako aang'ono ku Mokuba. Ndi panjira pomwe."

"Amakhala pati, azakhali?"

"Ukangotsika ufunse a Rafayelo, aatali aja."

"Munawaona liti komaliza?"

"Iwe usanabadwe. Koma munthu safupika."

Kenaka a Namakhwa, oyandikana nafe nyumba, anabwera ndi kaphukusi komanga ndi mphira. Ine ndinati titsegule, chifukwa pachipata akapezamo zachilendo amagwira wonyamula, osati wotuma.

"Achimwene, mukundiyesa wachamba ine?"

Tinatsegulabe. Munali nsapato imodzi, yakumanzere, imene alamu awo anaiwala pa ukwati. Alamuwo akuti nawonso ndi a panjira pomwe.

Esinati anatulutsa madiresi ake m'chikwama kuti nsapato ndi timaphukusi tina tikwane. Akane bwanji? Wokana kunyamula katundu wa mnzake kuno amatchedwa wonyada mpaka pa maliro ake.

Ndiye imvani malangizo a katswiri amene sanapitirirepo msika wa Milange, pongowoloka malire pomwepa. Phukusi lililonse litsegulidwe mwini wake akuona, akwiye akwiye. Lopanda nambala ya foni ya wolandira litsale. Chophikaphika chidyedwe pompo, ine ndimathandiza. Koma chachikulu n'chakuti kutsanzika ndi mwambo wabwino, ndipo mwambo sunanene kuti utsanzike uli mbali iti ya malire. Wolokani kaye, kenaka imbani foni.

Kodi n'chifukwa chiyani mbale amene sitinamufunefune zaka zonsezi timamukumbukira tsiku limene mnzathu wagula tikiti?

Ku Mokuba Esinati anazungulira ndi ndowa pamutu, kufunsa munthu wamtali. Kalongonda anayamba kudzilengeza yekha ndi fungo, mpaka akabaza ankamukana. A Rafayelo enieni anawapeza atapindika msana, akumulekeza m'phewa. Analira, anapha nkhuku, n'kulamula kuti mwana wa achimwene awo sangachoke asanaone abale onse. Abalewo analipo ambiri. Tchuthi chinathera m'makhonde mwa anthu, ndipo wabwera atasenza thumba la makaka, chinangwa chouma, la azakhali.

Nditamulandira katundu ndinamufunsa mwaulemu wonse.

"Nanga nyanja, achemwali?"

Anakhala pansi, n'kuvula nsapato.

"A Rafayelo akuti ndi yaikulu kwabasi. Iwonso anamva kwa anthu."